Dreamcast yanga patatha miyezi khumi

Dzina lakuti Dreamcast ndinayamba kuliona pachifuwa pa Thierry Henry. Kuyambira 1999 mpaka 2002 jezi yofiira ya Arsenal inkakhala ndi mawu amenewa kutsogolo, pomwe yosewerera koyenda inkalembedwa kuti Sega. Ine ndinali ndi yanga ya pakaunjika, ndipo ndinaivala mpaka zilembo zitasupuka, osadziwa kuti dzinalo ndi la makina osewerera magemu opangidwa ndi kampani ya Sega. Makina enieniwo ndinawagwira koyamba chaka chatha, mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Leicester atandibweretsera amodzi ogwiritsidwa kale ntchito, pamodzi ndi mapadi (zogwirira posewera) awiri, memori khadi imodzi yotchedwa VMU ndi zimbale zisanu ndi ziwiri.

Sabata yoyamba ndinkauza aliyense wofika pakhomo kuti makina awa anaphedwa opanda mlandu, kuti Sony, eni ake a PlayStation, inangowapondereza chifukwa cha thumba lake lalikulu. Tsopano papita miyezi khumi. Kukonda ndikuwakondabe, mwina kuposa poyamba, koma maganizo a sabata ija ndinawasiya, ndipo chinandisintha si zowerenga ayi. Ndi zomwe zakhala zikuchitika pabalaza panga Loweruka lililonse.

Ndiyambe ndi thupi lake. Ndi kabokosi kakang'ono koma kolemera, koyera kale koma tsopano kayamba chikasu m'mbali. Chizindikiro chozungulira cha pachivundikiro ndi chabuluu, kusonyeza kuti ndi ya ku Ulaya, chifukwa ya ku Japan imakhala ndi cha mtundu wa lalanje. Kukhala ya ku Britain kunandithandiza: magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pulagi yake ndi ya mano atatu, moti ndinangolowetsa pakhoma basi. Phokoso ndiye ilinalo. Ikamawerenga chimbale imalira ngati munthu akucheka kathabwa ndi sowo yaing'ono, ndipo usiku, ana atagona, kaphokosoko kamamveka mpaka kukhitchini. Mwezi woyamba ndinkaganiza kuti ikufa. Ayi ndithu, ndi mmene imayendera.

Mwezi wachitatu inayamba nthenda yeniyeni. Uli mkati mwa gemu, mwadzidzidzi sikirini yada, kenako kachizindikiro kaja kabweranso ngati wangoyatsa kumene. Tsiku lina inatero kanayi ola lisanathe. Ndinaiika m'chikwama n'kupita nayo kumsika kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV. Anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Achimwene, chinthu ichi sindinachionepo, koma magetsi ndi amodzimodzi, tiyeni tione." Anamasula masikuluwu anayi apansi, limodzi litabisala kuseri kwa modemu, kachipangizo ka m'mbali kolumikizira intaneti. Mkatimo bolodi ya magetsi imakhala pamwamba pa timapini tachitsulo, ndipo pa zaka zoposa 20 timapinito tinali titada ndi litsiro. Bamboyo anazula bolodi, anapukuta timapini ndi thonje lonyowetsa ndi sipiliti, anatipinda pang'ono kuti tizigwira zolimba, n'kubwezera zonse. Sizinatenge mphindi 30. Kuyambira tsikulo sinazimenso. Chomwe sitinakonze ndi kabatire kosunga nthawi kamene kanatha kalekale, choncho ndikayatsa imayamba yandifunsa tsiku ndi ola. Umenewo ndi ukalamba chabe, ndipo ndinazolowera.

VMU ndiye kanthu kamene kamadabwitsa aliyense. Ndi memori khadi, koma ili ndi kasikirini kake ndi timabatani, ndipo ukailowetsa m'padi kasikiriniko kamasuzumira pawindo lapakati. Mu Resident Evil Code: Veronica kamakuonetsa mphamvu zomwe zakutsalira, osafunikanso kuimitsa gemu. Imadya mabatire awiri a CR2032, aja timagula kwa okonza mawotchi, ndipo imawamaliza mofulumira kwambiri. Nditagula kawiri ndinasiya. Zomwe wasunga sizifufutika mabatire akatha, kungoti poyatsa imalira kamluzu katali kodandaula. Malo ake ndi mabuloko 200 okha, ndipo anandithera mwezi wachiwiri.

Padi yokha ndiye sindinagwirizane nayo mpaka lero. Nthambo yake imatulukira kumunsi, mbali yoyang'ana kwa iwe, ndiye imafupika. Kandodo koyendetsera n'kamodzi, pomwe Sony inali itatulutsa kale padi ya tindodo tiwiri mu 1997. Mabatani a mivi ali ndi m'mbali mwakuthwa, moti ukamenya nkhondo ola lathunthu chala chachikulu chimatuluka chofiira.

Koma magemu! Soulcalibur ya Namco inatuluka mu 1999, ndipo lero lino ukaiyatsa malupanga amang'anima, nsalu zimauluka, chithunzi chimayenda myaa osadodoma. Mwana wa mchimwene wanga, wazaka 14, amene anakulira pa magemu a pafoni, anakana kukhulupirira kuti gemuyo ndi yaikulu kuposa iye. Crazy Taxi ndi ya mphindi zochepa koma umapezeka wathera madzulo onse. Virtua Tennis ndiyo inatilanda nyumba: mabatani ake ndi ochepa, mlendo amaidziwa pa mphindi ziwiri, ndipo popeza makinawa ali ndi mabowo anayi a mapadi kutsogolo, nditapeza mapadi ena awiri tinayamba kusewera awiriawiri. Mayi a kunyumba, amene anali asanagwirepo padi chibadwire, tsopano ndi amene amaopedwa paneti.

Shenmue ndinaisunga kuti ndiziisewera ndekha. Wopanga gemuyi, Yu Suzuki, anamanga kadera ka tauni ya Yokosuka monga kanalili mu 1986, ndipo mnyamata wotchedwa Ryo amayendamo kufunafuna amene anapha bambo ake. Masitolo amatsegula ndi kutseka pa nthawi yake. Ukauzidwa kuti ubwere mawa, uyenera kudikiradi mawa. Kumapeto amakulemba ntchito yoyendetsa fokolifiti padoko, kunyamula mabokosi m'mawa mpaka madzulo, ndipo masiku amenewo ndinkamva kutopa kwa munthu wa ganyu weniweni. Anthu ena amati njochedwa. Nchedwadi, koma sindinaseweretsepo gemu ina imene inandipangitsa kudziwa msewu ndi anthu ake ngati kuti ndinakhalako.

Nanga chinandisintha maganizo n'chiyani? Anzanga. Aliyense wobwera koyamba amasilira chithunzi, amaseweretsa VMU, kenako amafunsa funso limodzi lomwelo: "Aise, FIFA ilipo?" Ndikayankha kuti palibe, amafunsa za Winning Eleven. Nayonso palibe. Mpira ulipo, monga Virtua Striker 2, koma ndi wa mtundu wa m'nyumba zoseweretsa magemu ndi makobidi, wosewera amachedwa kumvera dzanja, ndipo pakatha magemu awiri anthu amayamba kuyang'ana mafoni awo. Kampani ya Electronic Arts, yomwe inkapanga FIFA, sinatulutse gemu ngakhale imodzi pa Dreamcast. Square, eni ake a Final Fantasy, nawonso sanabwere. Nditaona nkhope za anzanga zikugwa kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, ndinazindikira zomwe zinkachitika m'masitolo a ku London ndi Milan mu 2000. Sega inalemba dzina lake pa jezi za Arsenal, Sampdoria, Saint-Étienne ndi Deportivo La Coruña, kuitana okonda mpira, koma atafika anapeza kuti mpira womwe amaudziwa mulibe.

Ndipo makampaniwo sanangokana mwachisawawa. Sega inali itawawotchapo kale, iwo pamodzi ndi ogula. Mega Drive itachita bwino, kampaniyi inatulutsa Mega-CD yolumikiza ku makina omwewo, kenako 32X kumapeto kwa 1994, nthawi yomweyo makina ake atsopano a Saturn akutuluka ku Japan. 32X inasiyidwa isanakhalitse n'komwe. Mu Meyi 1995 Sega inadzidzimutsa America potulutsa Saturn miyezi inayi tsiku lolonjezedwa lisanakwane, pa mtengo wa madola 399, n'kuipereka kwa masitolo ochepa okha. Omwe anasiyidwa anakwiya, opanga magemu anali asanakonzeke, ndipo tsiku lomwelo Sony inalengeza kuti PlayStation idzagulidwa madola 299. Pofika 1998 Saturn inali itatha kumaiko a azungu. Taganizani kholo lomwe linagulira mwana 32X, kenako Saturn, zonse n'kusiyidwa panjira. Wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe. Dreamcast inabadwa ndi ngongole imeneyi pamutu.

Ngakhale zinali choncho, inayesetsa. Ku Japan inatuluka pa 27 Novembala 1998 movutikira, chifukwa kampani ya NEC inalephera kupanga tchipi ta zithunzi ta PowerVR tokwanira, ndipo Sonic Adventure inachedwa mpaka Disembala. Ku America zinali zina: pa 9 Sepitembala 1999, pa mtengo wa madola 199, makina oposa 225,000 anagulidwa tsiku limodzi. Ku Ulaya inafika pa 14 Okutobala. Koma Sony inali italengeza kale za PlayStation 2 mu Malichi 1999, ndipo anthu ambiri anangomanga ndalama zawo pampango n'kudikira. Itatuluka ku Japan pa 4 Malichi 2000 inkaseweretsa magemu akale a PlayStation, komanso inkaonetsa mafilimu a DVD, zomwe Dreamcast ndi chimbale chake cha GD-ROM sinkatha. Sega inatsitsa mtengo kufika madola 149, kutanthauza kuluza pa bokosi lililonse poyembekezera kubweza pa magemu, koma thumba linali litabooka kale kuchokera nthawi ya Saturn.

Ambiri amati chinaipha ndi kukopera, popeza m'chaka cha 2000 anthu anatulukira njira yoyendetsera magemu ake pa CD wamba popanda kusintha kanthu mkati. Ine sindikuvomereza kwenikweni. PlayStation yoyamba inakoperedwa koopsa, tonse tikudziwa zimbale zomwe zinkazungulira m'matauni mwathu muno, koma sinafe. Kukopera kunangowonjezera bala pa munthu wodwala kale.

Pa 31 Januwale 2001 Sega inalengeza kuti ikusiya kupanga makina, ndipo kumapeto kwa Malichi fakitale inaima. Onse pamodzi anagulidwa pafupifupi 9.13 miliyoni, pomwe PlayStation 2 inadutsa 150 miliyoni. Gawo lomwe limandigwira mtima ndi la Isao Okawa, mkulu wa Sega panthawiyo, yemwe anapereka chuma chake chokwana mayeni 85 biliyoni kuti kampaniyo isagwe, n'kumwalira mu Malichi 2001 momwemo. Chaka chimenecho chisanathe, Sonic anali atayamba kuthamanga pa makina a Nintendo, mdani wake wakale. Arsenal inatenga ligi ndi FA Cup mu 2002 itavalabe dzina la makina omwe anali atasiya kale kupangidwa.

Pali mbali imodzi yomwe sindinaikhudze: modemu ija ya m'mbali. Okawa ankakhulupirira kwambiri za intaneti, ndipo Dreamcast iliyonse ya ku Ulaya inkabwera ndi modemu yake, zomwe zinatsegula njira ya Phantasy Star Online kumapeto kwa 2000. Imafuna telefoni ya nthambo, yomwe kunyumba kwanga kulibe. Okonda makinawa amailumikiza kudzera pa kakompyuta ka Raspberry Pi, ndipo ndikufuna kudzayesa.

Kwa amene akuganiza zogula, ndinganene izi kuchokera pa miyezi khumi yanga. Funani ya ku Ulaya chifukwa cha magetsi. Musaope phokoso, koma opani yomwe ikukanika kuwerenga chimbale choyera bwino, chifukwa diso lake likatopa kukonza kwake n'kovuta kuno. Zimbale zisamaleni ngati mazira. Chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zanga chinabwera ndi kamzera kakang'ono ndipo sichinayambe chayendapo. Ngati muli ndi TV yakale ija yamsana waukulu musaitaye, chithunzi chimakongola pamenepo kuposa pa zopyapyalazi. Ndipo ngati mtima wanu uli pa mpira wokha, musadzivutitse, gulani zina.

Mlongo wanga abweranso mu Disembala. Ndamutuma VMU ina ndi Shenmue II, yomwe ku Ulaya inatuluka pa Dreamcast mu Novembala 2001, makinawo atasiya kale kupangidwa. Ryo ndinamusiya atakwera sitima ya pamadzi yopita ku Hong Kong, ndipo mabuloko ake mu VMU sindilola aliyense kuwakhudza.