Umembala wa Musicians' Union ku Britain: thandizo lilipo, koma mawu a woimba wodzilemba yekha ntchito samveka mokwanira

Woimba aliyense amene amadyera luso lake ku Britain, kaya ndi woliza gitala m'malo azisangalalo, mphunzitsi wa piyano kapena woliza vayolini m'gulu lalikulu la oliza zida lotchedwa orchestra, imafika nthawi yoti adzifunse ngati kuli koyenera kumalipira ndalama za umembala ku Musicians' Union. Bungweli, lomwe limamenyera ufulu wa oimba pa ntchito yawo, ndi lakale ndithu. Linayamba mu 1893 mumzinda wa Manchester, pamene Joe Williams, mnyamata amene ankaimba m'nyumba ya zisudzo, anaitana anzake kuti akambirane za malipiro awo ochepa, ndipo dzina limene lili nalo lero linabwera mu 1921 litaphatikizana ndi bungwe lina la oimba. Panopa mamembala ake ndi opitirira 30,000. Kuona kwanga n'kwakuti ndalamazo sizilowa m'madzi, koma chimene membala amapeza mosavuta ndi thandizo la ku ofesi, pamene mwayi wowongolera zimene atsogoleri aziika patsogolo amachita kuuvutikira.

Thandizo la ku ofesilo ndi lenileni. Membala aliyense amakhala ndi inshuwalansi yofika mapaundi 10 miliyoni yomuteteza ngati munthu wina wavulala kapena katundu wa eni wawonongeka chifukwa cha ntchito yake. Zimaoneka ngati zazing'ono mpaka tsiku limene mlendo wapunthwa pa chingwe cha sipika n'kuthyoka mkono, ndipo eni malo ambiri salola n'komwe woimba kulowetsa zida zake asanaonetse kalata ya inshuwalansiyi. Palinso inshuwalansi ya zida zoimbira, makontirakiti olembedwa kale oti mphunzitsi wa nyimbo angodzaza dzina ndi mtengo, komanso akatswiri a zamalamulo amene amawerenga kontirakiti ya kampani yojambula nyimbo membala asanaisaine. Chimene ndimachiyamikira koposa ndi ntchito yolondola malipiro. Mwini malo amene wakhala akuzengereza miyezi itatu, kumangolonjeza kuti atumiza ndalama Lolemba likubwerali, amasintha mayankhidwe akalandira kalata yochokera ku bungwe, chifukwa amadziwa kuti nkhaniyo ikhoza kukathera kukhoti.

Zinthu zimasintha tikafika pa nkhondo zikuluzikulu zimene bungweli limamenya. Mphamvu zake zimaonekera bwino pamene magulu a orchestra ndi makwaya olembedwa ntchito ali pangozi. Mu 1980, BBC itafuna kuthetsa magulu ake asanu a orchestra, mamembala ananyanyala ntchito kwa miyezi iwiri, moti makonsati oyambirira a Proms, chikondwerero cha nyimbo chimene BBC imakonza chaka chilichonse, analephereka chaka chimenecho. Mu March 2023 BBC inalengezanso kuti itseka kwaya ya BBC Singers, koma anthu atadzudzula kwambiri, bungweli lili patsogolo, ganizolo linaimitsidwa pasanathe mwezi. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Oimba amenewa ali ndi bwana mmodzi, amakumana m'chipinda chimodzi pafupifupi tsiku lililonse, ali ndi nthumwi yawo pamalo a ntchito, ndipo kuvota kuti anyanyale ntchito n'kotheka. Woimba wodzilemba yekha ntchito, amene sabata ino ali paukwati, sabata yamawa m'situdiyo, ndipo pakati pa sabata akuphunzitsa ana, alibe bwana woti amunyanyalire. Oimba ambiri ali m'gulu lachiwirili, choncho sizodabwitsa kuti ena mwa iwo amaona ngati bungweli limathamanga kwambiri moto ukabuka kwa anzawo a malipiro a pamwezi.

Kunena chilungamo, atsogoleri ayesetsa kufikira oimba enawa kudzera ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2020 bungweli linagwirizana ndi Ivors Academy, bungwe la opeka nyimbo, pa kampeni yofuna kusintha kagawidwe ka ndalama za nyimbo zomvera pa intaneti, ndipo mu July 2021 komiti ya aphungu inavomereza kuti dongosolo lonse liyenera kukonzedwanso. Mfundo yaikulu inali yakuti kagawidwe kameneka katengere zimene zimachitika nyimbo ikaulutsidwa pa wailesi, pamene ndalama zimagawidwa pakati, theka kwa kampani yojambula, theka kwa oimba, kuphatikizapo amene anangolipidwa tsiku limodzi kuti alize ng'oma m'situdiyo. Bilu ya phungu Kevin Brennan yofuna kukhazikitsa zimenezi sinadutse mu December 2021. Nkhani ya mavuto a oimba opita kukaimba m'mayiko a European Union, Britain itatulukamo, nayonso yayenda pang'onopang'ono. Sindikuimba mlandu atsogoleri pa kuchedwaku, popeza malamulo sapanga iwo, koma membala wamba amalandira mauthenga ambiri onena za misonkhano ndi nduna, osaona kusintha m'thumba mwake.

Njira zoti membala alankhulire zilipo, ndipo pa pepala n'zokwanira. Dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi komiti yake. Pali makomiti a aphunzitsi, a oimba m'nyumba za zisudzo, a ojambula nyimbo ndi a opeka nyimbo. Komiti yaikulu imasankhidwa ndi mamembala. Ndipo msonkhano wa nthumwi, umene umakhazikitsa mfundo za bungwe, umachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Mlembi wamkulu nayenso amachita kuvoteredwa, ndipo mu 2022 Naomi Pohl anakhala mayi woyamba kutenga udindowu. Vuto ndi lakuti kukhala m'komiti kumafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene woimba wosauka alibe. Kalembera wa oimba amene bungweli linachita limodzi ndi Help Musicians, bungwe lachifundo lothandiza oimba, mu 2023 anapeza kuti, pongoyerekeza onse pamodzi, woimba amapeza mapaundi 20,700 pa chaka kuchokera ku nyimbo, ndipo ambiri amapeza zochepera pamenepo. Munthu wotere sangakane ntchito ya madzulo kuti akakhale pamsonkhano wa chigawo. Zotsatira zake n'zakuti amene ali ndi ntchito yokhazikika ndi amene amapezeka kawirikawiri m'zipinda zopangira ziganizo, ndipo mfundo zimene zimafika kumsonkhano wa nthumwi zimatengera nkhawa zawo. Misonkhano ya pa intaneti yachepetsako vutoli, koma ndikanakonda atsogoleri akanamafotokozera mamembala momveka bwino kuti mfundo iliyonse imene inavomerezedwa yafika pati, m'malo modikira msonkhano wotsatira.

Kwa mphunzitsi wa nyimbo ndi woimba wa m'makonsati ang'onoang'ono, inshuwalansi ndi uphungu wa zamalamulo zokha zikhoza kubweza ndalama za umembala, ndipo ophunzira amalipira zochepa kwambiri. Amene ndalama zake zambiri zimachokera ku Spotify kapena YouTube alowe akudziwa kuti akulipirira nkhondo imene sinathe, ndipo ngati akufuna kuti ifulumire, afunse ku ofesi ya chigawo chake tsiku limene mayina a ofuna kulowa m'komiti adzayambe kulandiridwa.