Bassai Dai kapena Kanku Dai: ya mayeso a lamba wakuda musankhe iti?

M'magulu ambiri a karate ya mtundu wa Shotokan, kuphatikizapo bungwe la Japan Karate Association (JKA), wa lamba wa bulauni akamapita ku mayeso a shodan, gawo loyamba la lamba wakuda, amasankha yekha kata (mndandanda wa mayendedwe oloweza omwe munthu amachita yekha) imodzi mwa zinayi: Bassai Dai, Kanku Dai, Jion ndi Empi. Mkangano wa m'dojo, malo ophunzirira karate, umakonda kuthera pa ziwiri zoyambazo. Ena amati Kanku ndiye ya akuluakulu, poti ngakhale Gichin Funakoshi, amene anayambitsa Shotokan, ankaikonda poonetsa karate pagulu. Ena amati Bassai ndi yachidule, umaimaliza mpweya usanathe. Ine ndimayeza ndi funso lina: ndi iti imene mungaimalize bwino miyendo italema kale, mtima ukugunda, anthu atakhala pa tebulo akukuyang'anani ali duu?

Pa thupi, kusiyana kwake n'koonekeratu. Bassai Dai ili ndi mayendedwe 42, imatenga pafupifupi mphindi imodzi. Kanku Dai ili ndi 65, mphindi imodzi ndi theka. Theka la mphindi mungalione ngati lochepa, koma kumbukirani kuti pa mayeso kata imabwera mutachita kale kihon (nkhonya, mateche ndi kutchinga koyambira), thukuta lili kamukamu. Ndipo Kanku imasunga zowawa zake chakumapeto: kudziponya pansi manja onse awiri ali pa simenti, kudzuka msanga m'kaimidwe kotsika, kenako kulumpha n'kumenya mateche awiri m'malere. Amene wasankha Kanku aziichita katatu motsatizana, osapumula kwenikweni, akangomaliza kihon. Ikayamba kuwonongeka ulendo wachitatu, kumeneko ndiye kumene mphamvu zanu zili, osati kuja munaichita bwino muli watsopano.

Bassai sifuna mpweya wochuluka chotero, imafuna chiuno. Kutchinga kwake kumasinthasintha, dzanja ili kenako ilo, ndipo chiuno chikapanda kuzungulira zimangooneka ngati mukuthamangitsa ntchentche. Palinso sitepe yoyamba ija: mwaima mapazi pamodzi, chibakera chakumanja chili m'chikhatho chakumanzere, kenako n'kudziponya kutsogolo, kukatera miyendo itapingasa. Mukadzandira pamenepo, oyesa aona kale. Sitepe imeneyi iziyesedwa payokha tsiku lililonse.

Pa maganizo ndi pomwe nkhani imakoma. Kanku imakupatsa mpata poyambira. Umakweza manja pang'onopang'ono, maso akutsata kampata kapakati pa zala mpaka kumwamba, ndipo m'masekondi amenewo munthu wamantha amatha kukoka mpweya, mapewa n'kutsika. Bassai ilibe chifundo chotero, imayamba ndi moto. Amene m'mimba mwawira amathamanga pa sitepe yoyamba, n'kuthamanga choncho mpaka kumapeto, malo oyenera kufatsa osafatsanso. Wa Bassai mtendere wake aziupeza asanatchule dzina la kata: akawerama, apume kawiri mozama, kutulutsa mpweya motalika kuposa kukoka.

Koma Kanku nayo ili ndi msampha wake. Zidutswa zake zambiri n'zofanana ndi za makata oyambira otchedwa Heian, makamaka Heian Nidan ndi Heian Yondan, zomwe thupi linazolowera kuyambira muli wa lamba wa m'munsi. Mutu ukabalalika pang'ono chabe, miyendo imalowera njira yakale, n'kuzindikira muli pakati pa Heian Yondan. Pa mayeso sensei (mphunzitsi) wina akhoza kukulolani kuyambiranso, wina ayi. Ku mpikisano wa malamulo a WKF, bungwe la karate la dziko lonse, kuima moonekeratu pakati pa kata ndiye kuti mwatuluka basi, chimodzimodzinso lamba akamasuka n'kugwa.

Mankhwala a kuiwala ndi amodzi pa ziwirizi, kungoti wa Kanku amafunika ochuluka. Ambiri timaloweza kata ndi khoma: potembenuka timadziwa kuti zenera lili kumanzere, chitseko kumbuyo. Tsiku la mayeso holo ndi ina. Choncho muziyamba mutayang'ana khoma lina, ngakhale pakona, ndipo muone ngati mukuthera pomwe munayambira. Usiku mutagona, iyendetseni m'mutu pa liwiro lake lenileni, ndi kiai (mfuu ya m'kata) zonse ziwiri. Pomwe maganizo akakamira ndi pomwe thupi lidzakakamire, m'mawa mukonze pamenepo.

Za Empi ndi Jion sindichulutsa. Empi imayenera anthu opepuka ndi achangu, koma kulumpha kwake kozungulira, kubwereza tsiku ndi tsiku pa simenti, mawondo amadandaula. Jion imaoneka yosavuta, ndipo n'chifukwa chake sibisa kanthu: kaimidwe kakakhala kokwera, aliyense aona.

Kwa ambiri ndinganene kuti tengani Bassai Dai. Mwakhala nayo chivalireni bulauni, ili kale m'mafupa, ndipo ntchito yotsala ndi kuweta mantha a poyambira. Kanku isankheni ngati mpweya muli nawo ndipo mwakhala mukuichita kwa miyezi, osati chifukwa mnzanu anaoneka bwino nayo. Sabata yomaliza si yosinthira kata. Chepetsani kuchuluka kwa maseŵera koma liwiro likhale lomwelo, muzigona mokwanira, ndipo muichite kangapo mutavala gi (yunifolomu ya karate) yomwe mudzavale tsikulo, anzanu atatu atakhala pa mipando kutsogolo kwanu osaseka.