Jobs Plus kapena FSS: ndalama lero kapena pakatha zaka 5?

Inu amene mukukhala m'nyumba za boma ku America mukulidziwa vuto lake. Lendi imawerengedwa potengera zomwe mumapeza, pafupifupi 30 peresenti, ndiye malipiro akangokwera, nayo lendi imakwera. Munthu n'kufika podzifunsa ngati kuwonjezera maola a ntchito kuli ndi phindu. Unduna wa zanyumba wa HUD uli ndi mapulogalamu awiri olimbana ndi vutoli, koma njira zake n'zosiyana kwambiri.

Family Self-Sufficiency, imene ambiri amangoti FSS, inayamba mu 1990. Mumasaina pangano la zaka 5. Mukayamba kulandira zambiri lendi imakwerabe, koma ndalama yowonjezerayo amakusungirani mu akaunti yapadera. Mudzaitenga pomaliza, bola mukhale muli pa ntchito ndipo banja lanu lasiya kulandira chithandizo cha ndalama kuchokera ku boma. Mukasiyira panjira, nthawi zambiri ndalama yosungidwayo simuionanso. Apa ndi pamene pamandiwawa mtima, chifukwa zaka 5 n'zambiri kwa mayi amene ntchito yake ndi ya maganyu, mwana naye akudwaladwala. Komabe ubwino wake ndi wakuti ngakhale amene amachita lendi m'nyumba za eni ake ndi vocha ya Section 8 (chithandizo cha boma cholipirira lendi) akhoza kulowa nawo.

Jobs Plus sidikira. Alangizi a ntchito amakhala pamalo pomwepo pamene mukukhala, lendi siikwera ngakhale malipiro akwere, mpaka miyezi 48, ndipo anansi eni ake ndi amene amauzana kumene kwapezeka ntchito. Anaiyesa kuyambira 1998 mpaka 2003 m'mizinda isanu ndi umodzi. Ku Dayton, Los Angeles ndi St. Paul, kumene mbali zonse zitatuzi zinatsatidwa mokwanira, bungwe lochita kafukufuku la MDRC linapeza kuti zomwe anthu amapeza zinakwera, ndipo zinapitirira choncho pulogalamuyo itatha. Kungoti siipezeka paliponse. Imafika pa nyumba zokhazo zimene zapatsidwa ndalama zake.

Ine ndingasankhe Jobs Plus kwa aliyense amene akungoyamba kumene ntchito, poti phindu amaliona mwezi womwewo. FSS imayenera amene waponda kale mwala, ntchito yake yakhazikika, ndipo akulota zogula nyumba kapena kubwerera kusukulu. Musanasaine, funsani ku ofesi ya nyumba zanu ngati amalola kutapako ndalama mu akauntiyo zaka 5 zisanakwane, mwina yolipira maphunziro kapena kukonzetsa galimoto yopitira kuntchito, chifukwa maofesi ena amalola, ena ayi.