Magetsi a dzuwa kwathu kwa Khombedza: mmene ayendera chiikireni

Papita chaka ndi miyezi ingapo chiikireni magetsi a dzuwa panyumba pathu kwa Khombedza ku Salima, kumene mawaya a ESCOM sanafike, ngakhale kuti m'boma lomwe lino muli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka, omwe anatsegulidwa mu 2021. Tinaika mapanelo anayi, inveta (chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a ESCOM), kontirola ya MPPT (chipangizo chowongolera katchajidwe ka mabatire kuchokera ku mapanelo) ndi mabatire awiri a asidi, zomwe zimayatsa mababu, wailesi ya kanema ndi firiji yaing'ono, komanso kutchaja mafoni athu ndi a anansi.

Mapanelo sanativutitsepo. Anaikidwa mopendekera kumpoto, ndipo chomwe amafuna n'kuwapukuta ndi madzi m'mamawa asanatenthe, makamaka mu Okutobala pamene fumbi limawakuta n'kuchepetsa mphamvu yawo.

Nkhani yaikulu ili pa mabatire, ndipo aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ayenera kuiganizira asanatulutse ndalama. Mmisiri amene anatigwirira ntchitoyi anawaika m'kachipinda kopanda zenera, kafupi ndi denga la malata, pomwe kutentha kwa kuno kumakalambitsa msanga batire la asidi. Kenaka kunabwera mvula ya Januwale ndi Febuluwale, mitambo n'kuphimba dzuwa masiku otsatizana, ndipo mabatirewo ankatsika kupitirira theka la mphamvu zawo usiku uliwonse, chinthu chimene mtundu umenewu supirira kwa nthawi yaitali. Lero firiji imazima kusanache, pomwe miyezi yoyambirira inkafika m'mawa ikugwira ntchito. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa nsomba ndi mkaka zimene tinagulira firijiyo ndi zomwe zimawonongeka.

Mabatirewo tinawasamutsira pamalo podutsa mphepo, ndipo simbi yositira ndi ketulo ya magetsi tinazichotseratu m'nyumba, popeza zimameza mphamvu yochuluka m'kanthawi kochepa. Kutsika kwa mphamvuko kwachepa, koma zimene zinawonongeka kale sizibwerera.

Sindikudandaula kuti tinaika sola, chifukwa ana amawerenga madzulo popanda utsi wa koloboyi ndipo ulendo wokatchajitsa foni pamsika unatha. Komabe wofuna kuika ayambe wafunsa ngati mmisiri ali ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno), aonetsetse kuti pali waya wolowa pansi woteteza zipangizo ku mphenzi, ndipo ngati thumba likulola agule batire la lithium, lomwe ndi lodula koma limalola kutsika kwambiri osawonongeka msanga. Ifenso tikusunga ndalama za mpunga wa chaka chino kuti tigule limeneli.