Matiresi opopa a Intex Dura-Beam: abwino kwa mlendo wa masiku ochepa

Ngati nyumba ilibe chipinda cha alendo, matiresi awa a saizi ya queen ndi othandiza. M'lifupi ndi masentimita 152, m'litali 203, ndipo akadzaza amatalika masentimita 46, moti munthu wachikulire amadzukapo ngati pabedi wamba, mawondo osadandaula. Amapirira makilogalamu pafupifupi 270. Pampu yamagetsi ili m'kati momwemo: kungolumikiza pasoketi, pakatha mphindi 4 kapena kuchepera apo adzaza. Koma ndi yaphokoso, ndiye musadikire kuti ana agone kaye. Isapitirire mphindi 5 ikulira, imatentha.

Chimene chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti usiku woyamba mlendo amadzuka atalowa pansi, iwo n'kumati matiresi abooka. Kawirikawiri sikubooka. Pulasitiki yake ikakhala yatsopano imatanuka, ndipo mpweya ukazizira usiku umachepa mphamvu. Apopeni kutatsala masiku 2 kapena 3 kuti mlendo afike, muziwonjezera mpweya m'mawa ndi madzulo. Osawalimbitsa ngati mpira. Mukakanikiza ndi chikhatho azilowako pang'ono, chifukwa akadzaza mopyola, timaulusi ta m'kati timaduka n'kutulutsa chotupa pakati, ndipo chimenecho sichikonzeka.

Kuzizira ndiye vuto lawo lenileni. Mpweya wa m'katiwo umatenga chisanu cha pansi n'kuchipereka kumsana kwa mlendo, ngakhale atafunda mabulangete atatu. Yalani bulangete lochindikala pamwamba pa matiresi, shiti ibwere pambuyo. Pansi sesani bwino n'kuyala kapeti. Kamwala kamodzi kokha n'kokwanira kuboola. Shiti yokhala ndi lasitiki m'makona ndiyo imagwira, yawamba imavuka pakati pa usiku.

Anthu awiri akagonapo, wina akatembenuka mnzake amagwedezeka. Kwa banja lokhala sabata yathunthu, zimenezi n'zotopetsa. Khanda losapitirira miyezi 15 lisagonekedwepo n'komwe, likhoza kubanika.

Matiresi akamaphwabe patatha masiku angapo, pakani madzi a sopo m'misoko ndi mozungulira pampu. Potuluka thovu ndi pomwe pali bowo. Pukutani, paume, matani chigamba chomwe chimabwera m'bokosi, ndipo mudikire maola angapo musanapopenso. Bowo la pamsoko weniweni silimatika bwino.

Mlendo muwonetseni pomwe pali batani la pampu asanagone, kuti akafuna kuwonjezera mpweya m'bandakucha asachite manyazi kukugogoderani.