Tsiku la apolisi ku sukulu ya mkaka: ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu, ndipo mpaka mwezi watha ankati akangoona yunifomu ya polisi amabisala kuseri kwa chitenje changa. Mlandu ndi wathu akuluakulu pakhomo. Akakana kusamba, agogo ake amati, "Ndikuitanira apolisi akakutsekere m'chitolokosi." Inenso ndinkatero ndikatopa. Ndiye sukulu ya mkaka yomwe amaphunzira itatumiza kalata yoti kubwera apolisi kudzacheza ndi ana, ndinatseka okala yanga m'mawa wonse kuti ndikaone ndekha.

Anabwera awiri, bambo wa polisi ya pamsewu ndi mayi wa nthambi yoona za chitetezo cha ana. Mayiyo ndi amene anandigwira mtima. Sanaime kutsogolo ngati pa perete. Anavula chipewa, nakhala pamkeka pakati pa ana, n'kufunsa, "Ana inu, ndani amaopa apolisi?" Manja anakwera pafupifupi onse. Wanga sanakweze dzanja, anangogwira mwendo wanga molimba. Mayiyo anamuona, namutambasulira chipewa chija osanena kanthu. Panadutsa kanthawi mwana akungochiyang'ana, kenako anachikhudza ndi chala chimodzi pa baji, n'kuchilandira. Chinamulowa mpaka m'maso, anzake anaseka, iyenso anaseka. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Zomwe anaphunzitsa zinali zoti mwana angazigwire. Ukasochera pamsika, usatsatire munthu amene wakulonjeza switi, funa wapolisi ndipo umuuze dzina la mayi ako ndi dera lomwe mumakhala. Munthu akakugwira malo obisika, nena, ngakhale atakhala malume ako. Ife makolo anatiuza za Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza yomwe imapezeka ku polisi, komanso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Anatikumbutsanso kuti lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limatipatsa udindo tonse, osati apolisi okha. Kenako anatembenukira kwa ife mwaulemu nati tisiye kuopseza ana ndi dzina la apolisi, chifukwa mwana woopa wapolisi sangamuthamangire tsiku lomwe wagwa m'mavuto. Mawuwo anandilasa.

Bambo wa pamsewu uja anajambula mizere ndi phulusa pabwalo kukhala msewu. Ana ena anakhala minibasi, ena kabaza, ena oyenda pansi. Yang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, kenako woloka osathamanga. Akaimba wenzulo, minibasi zonse zimaima. Anabwereza kangapo mpaka ndi wamng'ono yemwe anadziwa.

Chomwe ndachotsera nyenyezi imodzi ndi kakonzedwe ka sukulu. Anatiuza kuti tifike 8 koloko, mwambo unayamba cha m'ma 10. Ana anakhala padzuwa akumvetsera zolankhula za akuluakulu a sukulu, zambiri m'Chingerezi, pomwe apolisiwo analankhula Chichewa chomveka bwino. Phala linachedwa, ndipo pofika nthawi ya mafunso ana ena anali akulira ndi njala. Aphunzitsi, chonde, ulendo wina anawo ayambe adya, zolankhula zanu zibwere pambuyo. Ndikadakondanso makolo tikadapatsidwa mpata wofunsa, chifukwa ena mwa ife tili ndi zodandaula zenizeni pa momwe apolisi ena amachitira pamsewu, ndipo ana amatimva tikudandaula m'minibasi. Ulemu umene tikuwaphunzitsawu umafunika kuti nawonso apolisi aziusunga, ndipo awiri amene anabwerawa anausunga.

Ngati sukulu ya mwana wanu sinachitepo zotere, kambiranani ndi komiti ya makolo, apite ku polisi yapafupi akafunse ofesi ya community policing, yoona za ubale wa apolisi ndi anthu a m'madera. Ife sitinalipire kalikonse kupatula kusonkha ya zakumwa za alendo.

Loweruka lapitali tikupita kumsika tinapeza wapolisi akuwolotsa anthu. Mwana wanga anasiya dzanja langa, naima chilili, n'kuchita sawatcha ndi dzanja lamanzere. "Mwadzuka bwanji, bwana?" Wapolisiyo anamuyankha, namubwezera sawatcha. Titafika kunyumba anakauza agogo ake kuti apolisi satsekera ana okana kusamba, ndipo madzulo ake anakasamba yekha.