Baji ya chipembere ya 11th East Africa Division: nyenyezi 3

Ndinagula baji iyiyi pa intaneti kwa ogulitsa ena aku UK, msuweni wanga ndiye anandibweretsera pobwera ku tchuthi. Ndimatolera mabaji apamapewa a asilikali, ndili nayo kale ya Fourteenth Army ya lupanga ija komanso ya kangaude ya 81st West African Division, koma ya chipembereyi ndimaifuna mwapadera chifukwa agogo anga aamuna anali a Keyala ndipo anakafika ku Burma pankhondo yachiwiri yapadziko lonse.

Kunena zoona ikuoneka bwino, mutu wachipembere wakuda pansalu yofiira, nyanga yake inasokedwa mwaluso, amayi atangoiona anakhala chete kenako akuti eya ndiyomweyi inali pamalaya a bambo aja amasunga m'bokosi. Pamenepo ndiye mtima unandiwawa ndithu.

Koma abale, ogulitsawo anandiuza kuti ndi yanthawi yankhondo pamene si zoona ayi. Kumbuyo kuli guluu wonyezimira uja womatira ndi ayironi, ndiye ndinasolola kaulusi kamodzi nkuyatsa ndi machesi, kanasungunuka nkupanga kampira kolimba ngati pulasitiki, ulusi wathonje sutero umangopsa nkusanduka phulusa. Akanangonena kuti ndi yopanga masiku ano ndikanagulabe, koma osati pamtengo umenewo.

China chinandinyansa ndi kapepala kofotokoza mbiri kamene anaikamo, kakungotchula Kenya basi. Nanga ife? Gulu la asilikali la 11th East Africa Division limeneli linakhazikitsidwa mu 1943, linapita kaye ku Ceylon (lero Sri Lanka) kukaphunzira nkhondo yam'nkhalango, mu 1944 nkulowa ku Burma motsogozedwa ndi Major General Fowkes, ndipo munali anyamata aku Uganda, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, ngati batalioni ya 2 ndi ya 22 ya KAR (King's African Rifles, ija timati Keyala). Anadutsa chigwa cha Kabaw nthawi yamvula yosakata, matope, malungo, akuthamangitsa ma Japan mpaka kukafika pamtsinje wa Chindwin ku Kalewa mu December. Agogo ankati nsapato sizimauma, mapazi amachita kuola, chakudya amawaponyera pandege.

Ndinawalembera ogulitsawo za zonsezi, anabweza theka la ndalama mosavuta koma zakapepalako sanayankhe. Bajiyo ndaiika mu fulemu pambali pa chithunzi cha agogo, yeniyeni ndikusakabe.